Trevor Wishart, mmisiri wosula nyimbo ndi liwu la munthu

Mu 1969 Trevor Wishart anali atamaliza digiri yake yoyamba ku Oxford ndipo ankapitiriza maphunziro a nyimbo ku yunivesite ya Nottingham, ku England. Ntchito yake inali ya pensulo ndi pepala: kulemba nyimbo zovuta, zowerengetsera ngati masamu, zoti adzaimbe akatswiri a zoimbira m'maholo a anthu ophunzira. Umu ndi mmene ankachitira achinyamata ambiri opeka nyimbo ku Ulaya pa nthawiyo. Chaka chomwecho bambo ake, amene ankagwira ntchito m'fakitale ku Leeds, anamwalira. Imfayo inamutsegula maso. Anaona kuti zimene ankalembazo sizinkakhudzana n'komwe ndi dziko limene bambo akewo anakhetseramo thukuta. Anaika pensulo pansi, nagula kachipangizo kojambulira mawu pa tepi, n'kuyamba kulowa m'mafakitale, m'malo osungunulira zitsulo ndi m'nyumba zopangira magetsi, kujambula kulira kwa makina.

Padutsa zaka zoposa 50 chichitikireni zimenezi, ndipo njira imene anaitenga chaka chimenecho sanaisiye. Lero amawerengedwa pakati pa akatswiri akuluakulu a nyimbo zopangidwa ndi makina amagetsi ndi makompyuta. Koma womva zimenezi asafulumire kuganiza za kiyibodi ndi ng'oma za pakompyuta. Chuma cha Wishart chili pakhosi pa munthu. Wakhala akulimbikira zinthu ziwiri: kuti liwu, limene aliyense amabadwa nalo osagula, ndi choimbira cholemera kuposa zonse, ndiponso kuti zipangizo zolisulira siziyenera kutsekeredwa m'nyumba za mabungwe olemera.

Njira inalambulidwa m'nyumba za wailesi

Wishart anapeza ena atayamba kale. Mu 1944 Halim El-Dabh, wophunzira wa ku Cairo, anabwereka makina ojambulira mawu pa waya, najambula amayi akuimba pa mwambo wa zaar wochiritsa ogwidwa ndi mizimu, kenaka n'kukawasintha mawuwo mu situdiyo ya wailesi mpaka kutsala mkokomo wokhawokha. Mu 1948 Pierre Schaeffer, injiniya wa pa wailesi ya dziko la France, anajambula sitima zapamtunda ku Paris n'kulumikiza kulira kwake kukhala nyimbo. Mu 1956 Karlheinz Stockhausen ku Cologne anasakaniza liwu la mnyamata woimba ndi kulira kwa makina amagetsi mu nyimbo yotchedwa Gesang der Jünglinge, ndipo patangopita zaka ziwiri Luciano Berio ku Milan anajambula woimba Cathy Berberian akuwerenga, n'kuliduladula liwu lakelo tizidutswatizidutswa.

Onsewa anagwirira ntchito m'nyumba za wailesi, popeza makina otere ankapezeka kumeneko. Wofuna kupeka nyimbo za mtundu uwu ankadikira kuitanidwa, ankapatsidwa maola ake, ndipo nthawi ikakwana ankatuluka kuti alowe wina. Amene analibe womudziwa ankangomva m'makutu. Chitseko chimenechi chinadzamupweteka mutu Wishart, ndipo gawo lalikulu la mbiri yake ndi lolimbana nacho.

Kuchoka ku Leeds kufika ku York

Iye anabadwa pa 11 Okutobala 1946 ku Leeds, mzinda wa mafakitale a nsalu ndi zitsulo kumpoto kwa England. Ku Oxford anapita kukaphunzira sayansi ya kemisitiri, koma ali komweko anasintha n'kutenga nyimbo, namaliza mu 1968. Atachoka ku Nottingham anapita ku yunivesite ya York, kumene analandira digiri ya udokotala mu 1973. Mzinda wa York unasanduka kwawo, ndipo akukhalabe komweko. Usayansi uja sunamuchoke. Liwu amaliona ngati chinthu chotheka kuchiphwasula, kuona zimene zili m'kati mwake, n'kuchilumikizanso mwanjira ina.

York anali malo omuyenera. Dipatimenti ya nyimbo kumeneko inali yatsopano, yoyambitsidwa mu 1964 ndi Wilfrid Mellers, ndipo inalibe miyambo yakale yomangira ophunzira manja. Richard Orton anali atakhazikitsa situdiyo ya nyimbo zamagetsi, pamene John Paynter ankaphunzitsa kuti ana a sukulu azipeka nyimbo zawozawo m'malo momangoloweza za ena. Kumeneko Wishart anamaliza ntchito imene anaiyamba ndi kachipangizo kake kaja, yotchedwa Machine, mu 1971. Muli kulira kwa makina a m'mafakitale, muli anthu wamba akunena maganizo awo pa za makina, mulinso kwaya imene ikutsanzira makinawo ndi pakamwa. Liwu la munthu ndi kulira kwa chitsulo zinakumana koyamba pamenepo, ndipo zinadzakumananso kambirimbiri.

M'zaka za m'ma 1970 sanadzitsekere mu situdiyo. Ankagwira ntchito ndi ana a sukulu ndi magulu a m'madera, ndipo analemba timabuku ta masewera a nyimbo totchedwa Sounds Fun, tothandiza gulu lililonse kupeka nyimbo popanda choimbira chogula. Mu 1977 anatenga oimba malipenga ndi matepi n'kupita nawo kugombe la nyanja ku Morecambe, Southport ndi malo ena oyandikira, kukaimba Beach Singularity pakati pa anthu ongodzipumira pamchenga, amene sanagule tikiti ndipo sanayembekezere kanthu. Pambuyo pake ndiye anakonza mawu omveka m'nyumba yosungiramo mbiri ya Jorvik Viking Centre ku York, imene inatsegulidwa mu 1984, kuti mlendo azimva phokoso la mudzi wa zaka 1,000 zapitazo.

Lezala, tepi ndi loto la mkaidi

Ntchito imene inamutchukitsa ndi Red Bird, ya mphindi pafupifupi 45, imene anaigwira kuyambira 1973 mpaka 1977. Kuti timvetse chifukwa chake inatenga nthawi yotere, tiyenera kuona mmene situdiyo ya nthawiyo inalili. Mawu ankajambulidwa pa tepi yokulungidwa pa mawilo awiri, mkulu wake wa kaseti, yothamanga masentimita 38 pa sekondi imodzi. Wofuna phatikizo limodzi la mawu ankayendetsa tepiyo ndi manja uku akumvetsera, n'kuchonga ndi pensulo poyambira ndi pothera, kenaka n'kudula ndi lezala. Kachidutswako kankakhala ka masentimita owerengeka chabe. Ankakamata ku chidutswa china, n'kumvetsera. Kakapanda kukhala bwino, ankamatula n'kuyambiranso. Kusakaniza mawu awiri kunkafuna makina atatu, awiri oimba ndi amodzi ojambula, ndipo kujambulanso kulikonse kunkaonjezera kaphokoso kosafunika.

Ndi zipangizo zoterezi Wishart anafuna kuchita chinthu chovuta kwambiri: kuti kulira kwa chinthu china kusanduke kwa chinthu chinanso pang'onopang'ono, womvera osadziwa pamene kusinthako kwachitikira. Malo otchuka mu Red Bird ndi pamene munthu akuyamba kutchula liwu lolamula mnzake kuti amvere. Kamvekedwe ka "sss" ka m'liwulo kakutalika, kakuyamba kunjenjemera, ndipo usanazindikire, ukumva mbalame zikuimba. Lamulo lathawa m'kamwa mwa wolamula n'kuuluka. Pena ntchentche ikulira m'chipinda, wina akufuna kuipha ndi buku. Kumenya kwa bukulo kukukula mpaka kusanduka chitseko chimene chikutsekedwa mwamphamvu. Pena ukumva makina a fakitale akugunda, koma ukatchera khutu bwino ukupeza kuti makinawo apangidwa ndi tizidutswa ta mawu a anthu ndi kupuma kwawo.

Mutu wachiwiri wa nyimboyi umanena kuti ndi loto la mkaidi wandale. Mulibe wofotokoza nkhani. Muli mitundu inayi ya zomveka, mbalame, nyama ndi thupi, mawu olankhula, ndi makina, ndipo tanthauzo limabadwa pamene china chikusanduka chinzake. Wishart anatengako maganizo kwa katswiri wa chikhalidwe cha anthu Claude Lévi-Strauss, amene anaonetsa kuti nthano zimaganiza pogwiritsa ntchito nyama ndi zinthu zooneka. Red Bird ndi nthano yotero, yoimbidwa popanda chuni. Inadzalandira mphoto ya Euphonie d'Or ku Bourges, ku France.

Kuwerenga chuma cha pakamwa

Pogwira Red Bird, Wishart anatulukira kuti chimene makina ankalephera, pakamwa pake pankatha. Belu silingasinthe kaliridwe kake pakati pa kulira, koma munthu angayambe ndi mluzu n'kuthera m'kubuula osapumira. Choncho anayamba kudziphunzitsa yekha ndi kulemba m'ndandanda zonse zimene liwu lingachite: kuimba pokoka mpweya m'malo moutulutsa, kunjenjemeretsa milomo, lilime ndi masaya, kuthetheretsa malovu, kutulutsa mawu awiri nthawi imodzi, kuliza mluzu uku akung'ung'udza, kululuta nthungululu. Ndandandayi anaisindikiza mu 1979 m'kabuku kotchedwa Book of Lost Voices. Iye mwini amaima pansanja ndi maikolofoni yokha n'kumapeka pomwepo, osakonzekera, ndipo oonerera ena amaseka, ena amachita mantha.

Maganizo ake onse anawaika m'buku la On Sonic Art, limene analisindikiza yekha mu 1985, ndipo linatulukanso lokonzedwa ndi Simon Emmerson mu 1996. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti kalembedwe ka nyimbo ka ku Ulaya kanasankha zinthu zochepa zotheka kuziika papepala, kukwera kwa liwu pa makwerero a do re mi ndi kutalika kwake kowerengeka, ndipo m'kupita kwa zaka anthu anayamba kukhulupirira kuti zokhazo ndizo nyimbo. Zosalembeka zinaoneka ngati zokongoletsera chabe kapena phokoso. Aliyense amene anayesapo kulemba nthungululu ya pa ukwati m'manotsi a kwaya akudziwa kuti pepala limasiya kunja chinthu chenichenicho. Kwa Wishart, kujambula mawu kunathetsa ulamuliro wa pepala, chifukwa tsopano wopeka angagwire liwu lenilenilo, ndi kunjenjemera kwake konse, n'kuligwiritsa ntchito.

Sikuti pepala analitaya. Pakati pa 1980 ndi 1988 anapeka nyimbo zisanu ndi imodzi zotchedwa Vox, zambiri mwa izo za gulu la oimba anayi la Electric Phoenix, loimba ndi maikolofoni pamodzi ndi tepi. Anachita kupeka zizindikiro zatsopano zouza woimba poika lilime ndi mmene atulutsire mpweya. Vox yoyamba imayamba ndi chipwirikiti chopanda mawu, ngati dziko lisanalengedwe, ndipo chilankhulo chimabadwa pang'onopang'ono. Mu Vox yachitatu woimba aliyense amavala mahedifoni omupatsa kagundidwe kakekake kowerengedwa ndi kompyuta, kotero kuti anayiwo amayenda pa liwiro losiyana koma n'kumakumana pamalo oikika. Yomaliza ndi nyimbo yovina ya chuni cha m'madansi, ndipo ena okonda nyimbo zaulemu anakwiya nayo. Zonse pamodzi zinaimbidwa ku London mu 1989 pa chikondwerero cha BBC Proms.

Njuchi za ku Paris

Vox yachisanu ndi yosiyana ndi zinzake: ilibe woimba pansanja, imamveka pa masipika pokha. Nkhani yake ikuonetsa bwino vuto lodalira nyumba za eni. Ku Paris kuli IRCAM, likulu la kafukufuku wa nyimbo limene Pierre Boulez anakhazikitsa ndipo linatsegulidwa mu 1977, lokhala ndi makompyuta amene wopeka wamba sakanatha kugula. Wishart anatumizako pempho, naitanidwa ku maphunziro oyambira mu 1981. Koma bungwelo linasintha makompyuta ake, ndipo iye anadikira mpaka 1986 kuti agwire ntchito imene anali ataiganizira kale zaka zambiri.

Chimene anakapezako chinali njira yotchedwa phase vocoder. Pa tepi, liwiro ndi kukwera kwa liwu n'zomangirirana. Amene anamverapo kaseti mabatire akutha akukumbukira: nyimbo ikamachedwa, liwu la woimba limatsikanso, mayi n'kumveka ngati bambo. Kompyuta inamasula mfundo imeneyi. Imadula liwu m'tizigawo tating'onoting'ono, tambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo pa kachigawo kalikonse imayeza mphamvu ya timawu tonse tobisika m'kati, kuyambira totsika mpaka tokwera. Zotsatira zake ndi ndandanda yaitali ya manambala. Ukakhala ndi manambalawo, ungatalikitse liwu kakhumi osalitsitsa. Ungatengenso ndandanda ya liwu la munthu ndi ya njuchi, n'kuuza kompyuta kuti ichoke pa manambala a uyu kupita pa a izo pang'onopang'ono.

Wishart anaphunzira kulemba mapulogalamu kuti achite zimenezi yekha. Mu Vox yachisanu, ya mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi, mumamveka liwu limodzi lalikulu lochokera kutsogolo kwa omvera. Likatchula phatikizo, phatikizolo limaphulika n'kufalikira m'holo monse litasanduka chinthu china. Kamvekedwe ka "zzz" kamasanduka gulu la njuchi lozungulira mitu ya anthu. Lina limasanduka belu, lina khamu la anthu, lina kulira kwa hatchi, ndipo pomaliza kumagunda bingu n'kugwa mvula. Iye anali ndi chithunzi cha Shiva m'maganizo, mulungu wa Ahindu amene amalenga ndi kuwononga. Chimene chinamutengera miyezi ndi lezala, tsopano chinatheka mosalala, popanda msoko womveka.

Situdiyo ya patebulo

Atabwerera kwawo anapezeka ali ndi luso koma alibe makina. Kudikiranso zaka zisanu kuti aitanidwe sikunali kotheka. Choncho mu 1986 iye ndi anzake a ku York, monga Richard Orton, Archer Endrich ndi Andrew Bentley, anayambitsa Composers Desktop Project, imene ambiri amangoitchula kuti CDP. Cholinga chinali chakuti zimene zinkatheka pa makompyuta a mabungwe zitheke pa kompyuta ya panyumba. Anasankha Atari ST, imene anthu ambiri ankaigulira masewera. Martin Atkins ndi David Malham anakonza kachipangizo kolowetsa ndi kutulutsa mawu omveka bwino, ndipo mapulogalamu a pa makompyuta akuluakulu anasamutsidwira pa kakang'onoko.

Inali ntchito ya opirira. Kompyutayo inali yochedwa, moti munthu ankalemba lamulo, n'kuisiya ikuwerengetsera kwa maola, kubwera kudzamva masekondi ochepa, mwinanso osakoma. Koma inali yake, ndipo panalibe womutulutsa. Wishart analemba mapulogalamu ambiri a CDP, amene lero amachita zinthu mazanamazana, nafotokoza njira zake m'buku la Audible Design mu 1994. Pambuyo pake anakonzanso Sound Loom, pulogalamu yothandiza munthu kugwiritsa ntchito zonsezi mosavuta.

Umboni wakuti maganizowa anali oona unabwera ndi Tongues of Fire, ya mu 1994, yopangidwa ndi zipangizo za CDP. Mbewu yake ndi kachidutswa kakafupi kwambiri ka liwu la Wishart mwini akung'ung'udza ngati munthu wokwiya pang'ono, moseketsa. Kuchokera pamenepo anatulutsa nyimbo ya mphindi pafupifupi 25, mmene kung'ung'udzako kumasanduka zitsulo, ng'oma, madzi ndi makombola ophulika m'mwamba. Mu 1995 inapambana mphoto ya Golden Nica pa chikondwerero cha Ars Electronica ku Linz, m'dziko la Austria. Mu 2002 anapitirira apo ndi Imago, imene yonse inachokera pa kugundana kumodzi kwa matambula awiri agalasi. Kulira kosakwana sekondi kumeneko anakutambasula mpaka kutulukamo mbalame, mafunde a nyanja ndi mawu onga a anthu.

Mawu a otchuka, mawu a dziko, mawu a kwawo

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Wishart anatembenukira ku mawu amene aliyense amawadziwa. Two Women, ya mu 1998, inagwiritsa ntchito mawu a Margaret Thatcher, nduna yaikulu yakale ya Britain, ndi a Diana wa ku banja lachifumu la dzikolo, amene anali atamwalira chaka chapitacho. American Triptych, ya mu 1999, inatenga mawu a anthu otchuka a ku America, Martin Luther King, Neil Armstrong ndi Elvis Presley. Apa luso linali losintha liwu kwambiri koma mwini wake n'kumazindikirikabe, monga wojambula zithunzi zoseketsa m'nyuzipepala amakulitsira mphuno ya wandale popanda kumusokoneza ndi wina.

Kenaka anafutukula dzanja. Pokonza Globalalia, imene anaimaliza mu 2004, anapempha anzake m'maiko osiyanasiyana kuti amujambulire anthu akulankhula pa wailesi ndi pa wailesi yakanema. Anasonkhanitsa zilankhulo 26, n'kuziduladula kukhala maphatikizo oposa 8,000, amene anawasanja m'magulu malinga ndi kamvekedwe kake. Nyimboyo imayenda m'zigawo zazifupi, chilichonse chikusewera ndi mtundu umodzi wa phatikizo. Tanthauzo la mawu mulibe, koma womvera wa dziko lililonse amamva kuti awa ndi anthu, akukangana, akuseka, akunyengerera. Zilankhulo zimasiyana, koma milomo, mano ndi lilime n'zimodzi.

Atayendera dziko lonse motero, anabwerera kumpoto kwa England. Kuyambira 2006 anakhala wopeka nyimbo wogwirizana ndi yunivesite ya Durham, ndipo anayamba ntchito imene ambiri amaiona ngati chimake cha luso lake, Encounters in the Republic of Heaven. Dera la kumpoto chakum'mawa kwa England linali la migodi ya malasha ndi malo okhomera sitima zapamadzi, ndipo zambiri mwa ntchitozi zinatha m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Anthu ake ali ndi kalankhulidwe kawokawo, kokwera ndi kutsika ngati nyimbo, kamene a kumwera nthawi zina amakaseka. Wishart anayenda m'masukulu, m'makomo ndi m'malo ochezera okalamba, kujambula ana aang'ono, achinyamata, asodzi, alimi, mpaka agogo opitirira zaka 90. Sanawapemphe kuti aimbe. Anangowasiya afotokoze nkhani zawo.

Ntchito yaikulu inali kunyumba. Pa munthu aliyense ankamvetsera maola ambiri, kufunafuna liwiro limene munthuyo amalankhulira mwachibadwa, chuni chobisika m'ziganizo zake, ndi tizizolowezi take, monga kukayikira, kubwereza kapena kuseka pakati pa mawu. Analemba mapulogalamu atsopano otha kutola chuni m'kulankhula wamba. Ndiye msodzi akamasimba za panyanja, nkhani yake imamveka bwinobwino, koma mawu ena amatalika, ena amabwerezedwa, ndipo kumbuyo kwake kumamveka zoimbira zimene zapangidwa ndi liwu la msodzi yemweyo. Mayi wina akusimba za kambalame kake koweta m'nyumba, ndipo kadumphidwe ka liwu lake ndiko kakuyendetsa chigawo chonsecho. Nyimboyi ili m'zigawo zinayi, yonse pamodzi yopitirira ola limodzi, ndipo imamveka pa masipika asanu ndi atatu ozungulira omvera. Imayamba ndi mphepo, koma mphepoyo ndi mawu a anthu ochuluka zedi opanikizidwa pamodzi. M'malo ena machuni a olankhula onse amasonkhana kukhala kwaya yaikulu, ngakhale kuti palibe mmodzi anaimbapo. Yathunthu inamveka mu 2011 ku Sage Gateshead, m'dera lomwelo la eni mawuwo.

Zimene wasiya m'manja mwa ena

Mu 2008 analandira mphoto yaikulu ya Giga-Hertz ku Karlsruhe, ku Germany, chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse. Pambuyo pa Durham anakhalako ku Oxford, kumene anabwerera ku sayansi ya paunyamata wake, kusandutsa manambala a akatswiri, monga a kuwala kwa nyenyezi zophulika, kukhala zomveka m'nyimbo za The Secret Resonance of Things. Mu 2012 anatulutsa buku la Sound Composition, lofotokoza mmene anapangira nyimbo zake imodzi ndi imodzi, osabisa njira. Kwa nthawi yaitali ya moyo wake wakhala wodziimira payekha, wongoitanidwa kwa kanthawi m'mayunivesite a maiko osiyanasiyana n'kubwerera kwawo.

Pali chinthu chimodzi chimene sichinayende monga mnyamata wa mu 1969 uja akanafunira. Anasiya pepala chifukwa nyimbo zake zinali kutali ndi anthu a m'fakitale, koma nyimbo zimene anadzapeka nazonso zimamveka kwambiri m'mayunivesite ndi pa zikondwerero za akatswiri. Sizivinidwa pa ukwati, siziimbidwa m'basi, ndipo ina imafuna holo ya masipika asanu ndi atatu. Chimene chinafika kwa ambiri ndi zipangizo. Kuyambira 2014 mapulogalamu a CDP amaperekedwa ulere pa intaneti, ndipo amagwiritsidwa ntchito ndi ophunzira, okonza mawu a m'mafilimu, ngakhale oimba a nyimbo zamagetsi otchuka monga Aphex Twin. Ambiri amene amatambasula ndi kupotoza mawu pa makompyuta awo lero akuyenda m'njira imene gulu la ku York linathandiza kulambula, dzina la Wishart asanalimvepo.

Kufala kwa zipangizo zotere kwabweretsa funso limene m'masiku a lezala silinkavuta. Tsopano kompyuta ingatenge liwu la munthu n'kumunenetsa zimene sananene, ndipo liwu lojambulidwa lasanduka chinthu chobedwa ndi kugulitsidwa. Ntchito za Wishart zili ndi yankho lake, ngakhale kuti anazipeka funsoli lisanakule. Mphamvu yosintha liwu anali nayo yonse, koma ankaona kaye mwini wake. Liwu lake lomwe analiphwanya mopanda chisoni mpaka kusanduka zitsulo ndi makombola. La Thatcher, munthu wa mphamvu amene mawu ake anasintha miyoyo ya anthu a m'migodi, analipotoza moseka. Koma atafika kwa msodzi, kwa mlimi ndi kwa gogo wa ku Durham, anagwira dzanja lake: anakongoletsa m'mbali, natulutsa chuni chimene eni ake sankadziwa kuti ali nacho, n'kuwasiya amalize nkhani zawo m'kalankhulidwe ka kwawo.